Ku Botomu, Kumene Azamba Athu Anaphunzirira Ntchito

Chikwangwani chimati Bwaila, koma mukafunsa njira kwa mayi wogulitsa tomato pa Nathenje kapena kwa mnyamata wa kabaza pa Mitundu, ambiri adzakuyankhani kuti mukunena ku Botomu. Dzinali lakana kufa. Linachokera ku Chingerezi cha atsamunda, ndipo tanthauzo lake ndi kumunsi. M'masiku amenewo tauni ya Lilongwe inali ndi zipatala ziwiri za boma. China chinali kumtunda, cha azungu, ndipo chinkatchedwa Top Hospital. Chinacho chinali kumunsi, pafupi ndi mtsinje ndi msika, ndipo n'kumene ankagonekedwa anthu akuda. Cha kumtunda chija ndi ochepa amene akuchikumbuka. Cha kumunsi chikadalipo, ndipo chaka chilichonse mumabadwira ana oposa 10,000.

Mwezi uno tinatsata misewu iwiri imene imabweretsa anthu a kumwera kwa boma la Lilongwe pa geti limeneli, wa ku Mitundu ndi wa ku Nathenje. Tinkafuna kuona ndi maso athu mtunda umene mayi woyembekezera amayenda zinthu zikavuta, komanso kudziwa mbiri ya nyumba zakale zimene kwa zaka zambiri zakhala ngati kalasi ya anamwino, azamba ndi madokotala a dziko lino.

Msewu wa ku Mitundu

Mitundu ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni. Kuno ndi kwa alimi enieni. Nthawi yokolola ngolo za ng'ombe zimafika pamsika m'mamawa zitadzaza matumba a mtedza, soya, nyemba ndi chimanga, mavenda atakoleka kale masikelo awo. Cha kumadzulo kumaoneka mapiri a Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, womwe uja umadutsa kunsi kwa chipatala cha Bwaila. Madzi ndi odwala amachokera mbali imodzi, ndipo amakapezananso malo amodzi.

Pa Mitundu pali chipatala cha boma, ndipo chakufupi pali cha Mlale, cha mpingo wa Katolika. Amayi ambiri amachirira konkuno, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma pali mavuto ena amene sagogoda pobwera. Mwana akhoza kugona mopingasa, magazi akhoza kutayika osaleka, kapena kuthamanga kwa magazi kukhoza kukwera mpaka mayi kuyamba kukomoka. Vuto likaposa zipangizo zimene zilipo, namwino amalemba kalata, ambulansi n'kuloza kumpoto.

Nafenso tinaloza kumpoto, pa minibasi. Msewu umadutsa pa Bunda, pamene pali sukulu ya zaulimi imene inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 ndipo lero ndi gawo lalikulu la yunivesite ya LUANAR. Phiri la Bunda ndi thanthwe lalikulu lotumphuka lokha pakati pa chigwa. Makolo a Achewa ankapemphererako mvula, ndipo masiku ano kumakwera magulu a mapemphero. Pa tala ulendo ndi wosavuta. Vuto lili kuseri kwa tala. Midzi yambiri ya kwa Chiseka ndi kwa Masula ili kutali ndi msewu waukulu, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale madambo akadzaza, njira imene m'chilimwe njinga yamoto imangodutsa ngati mphepo imafuna ngolo ndi ng'ombe zamphamvu. Mayi amene matenda amuyamba usiku wa mvula amakhala ndi maulendo awiri: woyamba wokafika pa tala, wachiwiri wokafika pa bedi.

Msewu wa ku Nathenje

Nathenje ili pa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni polowera ku Dedza. Kuno galimoto sizisowa. Mabasi a ku Blantyre ndi mathiraki opita ku chipata cha Dedza amadutsa usana ndi usiku, ndipo galimoto ikangoima, mazenera amadzaza ndi mabeseni a zogulitsa. Pali chipatala chaching'ono cha boma. Mukapitirira pang'ono n'kukhota pa Kamphata, mumakafika ku Nkhoma, kumene amishoni a Dutch Reformed anamanga siteshoni mu 1896, ndipo chipatala chawo chinayamba mu 1915. Ku Nkhoma kulinso sukulu ya anamwino ndi azamba, ndipo anthu ochokera kutali amapitako chifukwa cha matenda a maso.

Motero munthu wa pa Nathenje ali pakati pa zitseko ziwiri, cha ku Nkhoma ndi cha m'tauni. Koma kukhala pafupi ndi msewu sikutanthauza kuti munthu afika msanga. Kupanga hayala usiku si kwa munthu wongodzuka chimanjamanja, ndipo banja limene silinasunge kanthu limataya maola likugogoda m'makomo a anansi kufuna ngongole.

Misewu iwiriyi imakumana pa mphambano ya Bunda. Kuchoka apo ndi msewu umodzi, wodutsa ku Biwi ndi ku Mchesi, kutsetserekera ku tauni yakale. Phokoso limakula, fumbi limachuluka, oitanira amalimbirana okwera. Musanafike pa mlatho wa Lilongwe, pafupi ndi msika waukulu, depoti ya mabasi ndi mzikiti, ndi pamene pali Bwaila.

M'kati mwa mpanda

Mzinda wa Lilongwe unayambira pomwepa. Boma la atsamunda linakhazikitsa ofesi yake m'mbali mwa mtsinjewu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Tsidya lina kunali maofesi ndi nyumba za azungu, tsidya lino kunali masitolo a amwenye ndi msika wa anthu wamba. Chipatala cha anthu akuda chinamangidwa tsidya la msika, ndipo tauni inakula mochizungulira mpaka kuchitsekereza pakati.

Munthu ukalowa pa geti umazindikira msanga nyumba zakale ndi zatsopano. Zakale ndi zazifupi, za njerwa zootcha, zokhala ndi makhonde. Pa makhonde ngati amenewa mibadwo ya magadiyani yakhala ikuyala zitenje, kudikira uthenga wochokera m'wodi. Pambali pake paima nyumba zatsopano. Chipatalachi sichinamangidwe tsiku limodzi. Chinkakula ngati nyumba ya banja lalikulu, chipinda ichi chaka chino, china vuto latsopano likabwera.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, panafunika chipatala chachikulu choyenera likulu. Kamuzu Central Hospital chinatsegulidwa mu 1977 ndi thandizo la dziko la Denmark. Mawodi ambiri anasamukira kumeneko, koma ku Botomu kunatsala amayi oyembekezera, odwala chifuwa chachikulu ndi odwala matenda a maganizo. Kwa zaka zoposa 30 amayi a mumzinda wonse ndi a midzi yozungulira ankachirira m'nyumba zimene zinamangidwira katauni kakang'ono. Mabedi sankakwana, ndipo ogwira ntchito anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi khamu lofika pa geti.

Kalasi yopanda bolodi

Kuti timvetse chifukwa chake nyumbazi tikuzitcha sukulu, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mmalawi woyamba kukhala dokotala anali Daniel Sharpe Malekebu, amene anamaliza maphunziro ake ku Meharry Medical College ku America mu 1917. Hastings Kamuzu Banda anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937. M'dziko muno munalibe sukulu ya madokotala. Amene ankagwira ntchito yaikulu m'zipatala anali othandiza madokotala, ophunzitsidwa makamaka ndi amishoni, monga ku Blantyre ndi ku Livingstonia. Mpingo wathu nawo unali m'gulu limeneli. Mishoni ya Malamulo ku Thyolo, imene inayamba mu 1902, inatchuka ndi ntchito yosamalira odwala khate, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1930 yakhala ikuphunzitsa ogwira ntchito zachipatala mpaka lero.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, madokotala anali owerengeka. Kutumiza ophunzira kunja kunali kodula, ndipo ena akamaliza sankabwerera. Choncho mu 1976 boma linayamba kuphunzitsa ma clinical officer ku Lilongwe, pa sukulu imene inadzadziwika kuti Lilongwe School for Health Sciences. Amenewa ndi anthu amene kumudzi timangowatcha adokotala. Amaphunzira zaka zitatu, kenaka chaka china akugwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo amaphunzitsidwa kuyeza odwala, kulemba mankhwala ndi kuchita maopareshoni ena, kuphatikizapo kung'amba mayi kuti mwana abadwe. Mu 1979 kunatsegulidwa Kamuzu College of Nursing. Sukulu ziwirizi zili pafupi ndi chipatala chachikulu, koma uzamba suphunziridwa m'buku mokha, ndipo amayi oyembekezera anali ku Botomu. Motero ophunzira ankatsikira kumunsi. Kumeneko ndi kumene manja awo anaphunzira kufufuza mmene mwana wagonera, makutu awo anaphunzira kumva kugunda kwa mtima wa mwana wosabadwa, ndipo mitima yawo inaphunzira kusanjenjemera poona magazi.

Sukulu ya madokotala inadza mochedwa. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mmodzi mwa amene anailimbikira anali Pulofesa John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi. Mu 1996 sukulu ya ku Lilongwe ija inaphatikizidwa ndi zina za ku Zomba ndi ku Blantyre n'kukhala Malawi College of Health Sciences. Mu 2021 sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinalumikizana n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Mayina asintha kangapo, koma mpaka lero mukalowa m'wodi ya amayi ku Bwaila mudzapeza ophunzira ataima pambali pa mzamba wamkulu, kabuku kali m'thumba.

Zipatso za maphunziro amenewa zimaoneka kutali ndi tauni. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007, amene anaona maopareshoni a amayi oyembekezera m'zipatala 38 za m'dziko muno, anapeza kuti pa maopareshoni 10 alionse ong'amba mayi, pafupifupi 9 ankachitidwa ndi ma clinical officer. Ndiye kuti ambiri a ife amene tinabadwa ndi mpeni tinatulutsidwa ndi manja ophunzitsidwa konkuno kwathu. Namwino amene amakulandirani pa Mitundu kapena pa Nathenje n'kutheka kuti mwana wake woyamba kumulandira anamulandirira m'makoma a ku Botomu.

Zimene zasintha

Matenda a Edzi atafika pachimake, mawodi a chifuwa chachikulu anasefukira. Boma linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, ndipo mu 2006 bungwe la Lighthouse linatsegula Martin Preuss Centre m'kati mwa mpanda womwewu, kuti wodwala TB ndi kachirombo ka HIV athandizidwe pamalo amodzi osayendayenda. Mu 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kukhazikitsa ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachiromboka ayambe mankhwala nthawi yomweyo ndi kuwamwa moyo wake wonse, ndipo maiko ena anatengera kwa ife.

Mu 2009 kunatsegulidwa nyumba yatsopano ya amayi oyembekezera, yomangidwa ndi thandizo la bungwe la Rose Project la ku Ireland. M'zaka zomwezo ku Kamuzu Central kunamangidwa Ethel Mutharika Maternity Wing, kumene kumapita amayi a mavuto aakulu kwambiri. Bwaila inakhala pansi pa ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe, boma limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni kumidzi kokha, osawerengera pafupifupi miliyoni imodzi a mumzinda.

Nyumba ina imene tikufuna owerenga athu aidziwe ndi ya amayi odwala fistula, yoyendetsedwa mogwirizana ndi bungwe la Freedom from Fistula. Matendawa amadza pamene mayi wavutika nthawi yaitali mwana osatuluka. Mutu wa mwana umapanikiza minofu mpaka kuboola njira ya mkodzo kapena ya chimbudzi, ndipo mayi amatsala akudontha usana ndi usiku. Nthawi zambiri mwanayo amakhala kuti wapita. Amayi otere amabisala, ena amasiyidwa ukwati, ena amaleka ngakhale kubwera ku tchalitchi chifukwa cha fungo. Si ufiti ndipo si chilango. Ndi bala, ndipo ambiri amachira ndi opareshoni, imene pa Bwaila imachitika mwaulere. Ngati m'mudzi mwanu muli mayi amene anangosowa pagulu chibadwitsire mwana wakufa, mufuneni mwaulemu. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ziwerengero za boma zikusonyeza kuti tayenda. Mu 2004, pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2010 anali 675, ndipo pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anali 439. Kutsika kumeneku n'koyamika, koma kuseri kwa nambala iliyonse kuli khomo limene moto unazima.

Mbali yathu ya msewu

Akatswiri a uchembere amanena za kuchedwa kutatu kumene kumapha amayi: kuchedwa kuganiza zopita ku chipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Kwachitatuko ndi nkhani ya boma ndi ogwira ntchito. Koma kuwiri koyambako kumachitikira pakhomo pathu, ndipo sukulu zonse tatchulazi sizingathandize mayi amene sanafike.

Kuchedwa koyamba nthawi zambiri kumadza chifukwa chodikira chilolezo. Bambo ali ku munda kapena ku Joni, amalume sanamve, apongozi akuti tiyambe taona. Nkhani imeneyi ikambidwe mimba ikadali yaing'ono, ndipo banja ligwirizane kuti aliyense amene ali pafupi ali ndi mphamvu zonyamula mayi. Zizindikiro zosafunika msonkhano ndi izi: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kuona zideruderu, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, nsupa kusweka matenda asanayambe, ndi mwana kuleka kusewera m'mimba. Tipewenso mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, monga aja amati mwanamphepo. Amatha kukoka chiberekero mwamphamvu mpaka kung'ambika, ndipo chikang'ambikira kumudzi nthawi yokafika pa tala imakhala kulibe.

Sikelo iyambike m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo achipatala tsopano amalimbikitsa kupitako kasanu ndi katatu mwana asanabadwe. Kumeneko ndi kumene amayeza kuthamanga kwa magazi, kupereka mapiritsi oonjezera magazi ndi mankhwala oteteza malungo, komanso neti. Abambo, kuperekeza mayi kusikelo si kudyetsedwa khuzumule. Ndi udindo wa mwini khomo. Kunyumba, mbale ya mayi isasowe bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, nyemba ndi soya, ndipo akatha kudya alandire gwafa, lalanje kapena madzi a malambe, chifukwa zipatso zimenezi zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba.

Kuchedwa kwachiwiri kumagonjetsedwa ndi kukonzekera. Ndalama ya transipoti isungidwe payokha, kaya m'banki mkhonde kaya kwa munthu wokhulupirika, ndipo nambala ya foni ya mwini galimoto kapena njinga yamoto ikhale yodziwika kwa onse a m'nyumba. Zitenje, beseni ndi zina zimene anamwino anatchula zikhale zomangiratu. Amene ali kutali ndi tala, makamaka m'dzinja, ndi amene anachitidwapo opareshoni, apite kuchidikiro masiku asanakwane. Kugona milungu iwiri pa chipatala n'kotopetsa, koma kumaposa kuwoloka dambo usiku.

Pali funso lina limene limatikhudza ife a Adventist mwapadera. Matenda akayamba Lachisanu dzuwa litalowa, kodi n'kulakwa kupanga hayala, kulipira mafuta kapena kugula zofunika za wodwala? Ayi. Ambuye Yesu anachiritsa anthu pa Sabata kangapo, ndipo anadzudzula amene ankaika lamulo patsogolo pa moyo wa munthu. Mkulu wa mpingo amene wasiya gome kuti athamangitse mayi ku chipatala wasunga Sabata bwino lomwe. Ndipo anamwino ndi azamba a mpingo wathu amene amakhala pa ntchito tsiku limeneli akupulumutsa miyoyo ayenera kulandira mapemphero athu, osati mafunso.

Mutu umodzi susenza denga. Amayi a Dorika akhoza kudziwa mayi aliyense woyembekezera wa m'dera lawo, wa mpingo ndi wakunja yemwe, ndi mwezi umene akuyembekezera kuchira. Abambo a mpingo akhoza kugwirizana za ngolo kapena galimoto imene ingadzutsidwe usiku popanda kukambirana mtengo pakhomo. Achinyamata athanzi akhoza kupereka magazi a Malawi Blood Transfusion Service akabwera ku sukulu kapena ku tchalitchi, pakuti kutaya magazi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene amayi amafera pobereka, ndipo magazi alibe fakitale. Komanso makolo amene mwana wawo wakhoza bwino sayansi pa mayeso a Fomu 4 amulimbikitse kuganizira za unamwino, uzamba kapena udokotala, kaya ku Malamulo, ku Nkhoma kapena ku Lilongwe. Zipatala za kumidzi zikusowabe anthu odziwa chilankhulo ndi miyambo ya odwala awo.

Buku la Eksodo limasunga mayina a azamba awiri, Sifra ndi Puwa, amene anakana lamulo la Farao lopha ana, pamene dzina la Farao mwiniyo silitchulidwa. Azamba ambiri amene anadutsa m'makhonde a Bwaila mayina awo sanalembedwe pa khoma lililonse, koma ntchito yawo ikuyenda ndi miyendo iwiri m'misika ya Mitundu ndi Nathenje. Iwo akudikira kumapeto kwa msewu. Pa msonkhano wotsatira wa bodi ya mpingo wanu, pakati pa nkhani ya malata ndi ya msonkhano wa misasa, wina aimike dzanja afunse kuti: mayi wa m'dera lathu akayamba matenda usiku uno, anyamulidwa ndi yani, pa chiyani, ndipo ndalama yake ili kuti?